Nyimbo ya Munthu Amene Tinamuika

Tatsitsani kawayilesiko, ana inu, mtedzawu sudzisenda wokha. Chiyambire m'mawa mnyamata wa m'menemoyo akungowerenga nyimbo za chaka chino, iyi yakwera, iyi yatsika, inunso mukukangana ngati wopambana apatsidwa mbuzi. Iwe Tiyanjane ukuti yoipitsitsa ndi ija ya munthu wolankhula mothamanga ngati wameza mbatata yamoto. Kwa ine zonse n'chimodzimodzi, gu gu gu, ngati munthu akukhoma malata. Koma musaganize kuti kusankha nyimbo mwayamba ndinu. Ifenso tinkasankha, ndipo chaka china nyimbo imodzi inatsala pang'ono kundimanga moyo wanga wonse. Ikanandimanga, bwenzi pakhonde pano palibe ndi mmodzi yemwe wa inu.

Kuno ku Zingalume tinkati kupeta nyimbo. Tikatha kukolola, chimanga chili m'nkhokwe, amayi tinkasonkhana pansi pa mkuyu umene unali pamene pali chigayo paja, aliyense ndi lichero lake la mtedza kapena nyemba, n'kuyamba kukumbutsana nyimbo zonse zimene zabadwa chaka chimenecho. Wina ankayambitsa, ena n'kuvomera. Ikakoma tinkaibwereza, n'kunena kuti imeneyi ndi mbewu, tisunge. Ikakhala yozizira tinkangoisiya pakati, wina n'kuti mankhusu, tonse n'kuseka, basi yafa imeneyo. Panalibe wolemba, panalibe mphoto. Koma mwini nyimbo yotchedwa mankhusu ankatha masiku akupita yekha kuchitsime chifukwa cha manyazi.

Chaka chimene ndikunenachi ndi chija anayamba kutiuza za Chitaganya, anthu a ku boma akuyenda m'midzi kufotokoza zinthu zimene ngakhale iwo eni sankaoneka kuti akuzimvetsa. Ine ndinali mkazi wamasiye, ndikadali wamng'ono, msinkhu wa iwe Tiyanjane. Mwamuna wanga woyamba anali aLingisoni. Eya, woyamba. Tsekani pakamwa, mulowa ntchentche. Agogo anu aTadeyo anali achiwiri, ndipo iwonso nkhaniyi ankaidziwa. ALingisoni anali a ku Pembamoyo, anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno. Kulima sankalima kwenikweni, atsibweni anga ankati khasu lawo limadwala malungo. Koma bangwe ankaimba. Bangwe simukumudziwa inu: kathabwa kokhala ndi nsambo za waya, kolowetsa m'chitini kuti mawu akule. Dzino lawo limodzi lakutsogolo linali loguluka, ndiye akamakoka mpweya pakati pa nyimbo pankamveka kamluzu kakang'ono, fyii. Ndinkawaseka nako kamluzu kameneko, iwo n'kumati ndiko kanandikopa.

Tisanathe ndi chaka chimodzi chomwe m'nyumba, ananyamuka ulendo wa ku Walale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, monga ankachitira amuna onse. Inu mukakwera minibasi kupita ku Chipata mumabwerako mukudandaula fumbi ndi msana. Iwo ankayenda wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa bwato, kamba wake chimanga chokazinga ndi chigumu chouma. Ine ndinawakonzera thumba la mtedza wokazinga ndi mchere. Bangwe anamangirira pamwamba pa bulangete. Ndinawaperekeza mpaka pa mtsinje, ndipo sanacheuke, chifukwa ankati wocheuka safika.

Mvula itagwa kawiri, dzinja lina kunabwera munthu wa mudzi woyandikana nawo, atanyamula bulangete lija. Anakhala pansi pabwalo, nalipereka kwa atsibweni anga ndi manja awiri. Anati aLingisoni anadwala chifuwa pafamupo, anawakweza lole kupita nawo kuchipatala, ndipo sanabwererenso. Kapitawo anauza anzawo kuti munthu uja watsamaya, mugawane katundu wake. Mtembo sanauone aliyense. Masiku amenewo zimenezi sizinali zachilendo, ndipo mwambo wake unalipo. Munthu akafera kutali tinkadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'chovala chake, n'kuliika m'manda monga munthu, kuti mzimu upeze pogona kwawo. Tinachita zomwezo. Amayi awo, aNambewe, anabwera kuchokera ku Pembamoyo, nakulunga okha thunthulo m'bulangete. Tinalira, tinameta. Ine ndinalira zenizeni, musandiyang'ane choncho, munthuyo ndinkamukonda.

Chimene chinatsala ndi mowa wa mpalo, wophika chilimwe, pamene abale a mwamuna amabwera kudzasudzula mkazi wamasiye. Asanakusudzule sudzola mafuta, suvina, sukwatiwa. Ukadali wa kwa iwo. Ine ndinkadikira mowa umenewo, ndipo panali winanso amene ankaudikira. Agogo anu aTadeyo anali atatuma kale mawu kwa atsibweni anga. Anali munthu wa ku mishoni, wosayankhulayankhula, wa manja aakulu, ndipo ansembe anali atawauza poyera kuti ukwati adzadalitsa pokhapokha ngati mkaziyo ndi wamasiye weniweni. Palibe amene ankakayika. Manda analipo, aliyense ankadziwa pamene anali.

Tsono nyimbo za chaka chimenecho. Popeza sindinkaloledwa kuvina, ndinkangokhala pambali n'kumamvetsera, n'chifukwa chake ndimazikumbuka bwino kuposa za zaka zina. Dzinja linabwera ndi nyimbo ya alangizi a zaulimi. Ana a sukulu anaiphunzitsidwa kuti atiphunzitse ife kupanga mizere yopingasa m'minda. Ha, imene ija inali nyimbo yanji? Inalibe poombera m'manja, inalibe popumira, mawu ake ataliatali ngati chilengezo cha ku khoti. Tinayesa kusinja nayo, misi inkangogundana. Tonse tinkadziwa kuti ikadzafika nthawi yopeta, imeneyi ndiyo idzayambe kuuluka.

Masika anabwera ndi ya aNangozo. Mayi ameneyu anali ndi pakamwa, ndipo amuna awo anali atagulitsa mbuzi ya m'nyumba n'kugula chipewa. Iye sanakangane nawo. Anangoika mtondo pafupi ndi pamene amunawo ankasema mipini, n'kuyamba kusinja akuimba kuti chipewa cha kwathu chimalira mee, ndikachikama mawa ana amwe. Pofika madzulo mitondo yonse ya m'mudzi inali pa nyimbo yomweyo. Bamboyo chipewa anachibisa m'denga, sanachivalenso. Mwaona, ife nyimbo inkagwira ntchito. Inu mukakwiyirana mumalemberana pa foni, wina n'kuzimitsa. Mtondo sungauzimitse.

Panalinso ya anyamata, amene anali atayamba kupanga mabanjo a zitini za palafini. Ankaimba za tiyi wa ku Fotijemusoni, ndiko ku Chipata kwanuko, pamene ambiri a iwo tiyiyo anali asanamulawepo. Atsikana anaikonda, akuluakulu anati ndi phokoso. Ndikamati zanuzi ndi gu gu gu, ndimakumbuka kuti nafenso anatinena.

Nthawi ya chisanu ndiye kunabwera Jailosi. Anali mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemo amene anakhalitsa ku Walale, ndipo anabwera ndi njinga, suti ya mizeremizere, ndi bokosi lakuda lokhala ndi chogwirira. Limeneli linali galamafoni. Unkalitsegula, kuikapo mbale yakuda yopyapyala, kupukusa kachitsulo ka m'mbali, kutsitsa singano, basi munthu n'kuyamba kuimba m'bokosimo. Masingano akatha ankagwiritsa ntchito minga ya mthethe. Ofuna kumvera ankabwera ndi dzira kapena chipande cha mtedza, ndipo Jailosi chaka chimenecho ananenepa khosi. Chimene sindinkachikonda n'chakuti mphamvu ikamatha, mawu a woimbayo ankayamba kulemera, kukokeka, kutsika, ngati munthu amene akutsirizika. Jailosi ankathamangira kupukusa, munthu uja n'kudzukanso n'kupitiriza pamene anasiyira. Ana ankaseka. Ine thupi linkachita tsemwe.

Si ine ndekha. Zaka zimenezo kunali mphekesera za anamapopa, anthu oyenda pa galimoto amene ankati amapopa anthu magazi. Kunkamvekanso kuti kuli azungu ena oyenda ndi makina, amene amakuuza kuti uimbire m'kachitsulo, mawu ako n'kutsalira m'menemo. Agogo ena ankanenetsa kuti munthu wotengedwa mawu sakhalitsa, amauma pang'onopang'ono, chifukwa chimene chatsekeredwa m'mbalemo ndi mpweya wake. Mphunzitsi wa pasukulu ankatsutsa, ankati ndi makina chabe monga wotchi. Anthu ankavomera kuti inde aphunzitsi, koma mayi woyembekezera sankamulola kuyandikira bokosilo.

Tsiku lopeta litafika, aNangozo anati nyimbo za m'bokosi nazonso zamveka m'mudzi muno chaka chino, zibwere zipetedwe. Jailosi analinyamula pamutu n'kuliika pa mtondo wovundikira pansi pa mkuyu. Kunali masana, dzuwa lili paliwombo, kopanda ndi kamphepo komwe. Tinayamba ndi zathu. Ya alangizi sitinaifikitse ndi pakati pomwe. Ya chipewa tinaibwereza mpaka nthiti kuwawa, tinati mbewu. Kenako za m'bokosi. Panali ya gitala ya ku Kongo, mawu ake sitinkawamva koma chiuno chinkamva, imeneyo mbewu. Panali ya kachitoliro ya ku Joni, atsikana anaiikira kumbuyo. Panali ya dona wina amene ankakuwa ngati wathiridwa madzi otentha, imeneyo tinaitaya isanathe. Mbale zitatha, wina anaona kuti m'nsalu mwatsala imodzi. Jailosi anati imeneyo saiika kawirikawiri, ndi yozizira, yosavinika, anachita kumuwonjezera m'sitolo. ANangozo anati ikani, mankhusu nawonso amafuna kuonedwa.

Singano itatsika panamveka kaye mkokomo uja wa ngati mvula ya kutali. Kenako bangwe. Ndinasiya kusenda. Kenako munthu anakoka mpweya, fyii, n'kuyamba:

Namwali wa kudambo, mtsuko wadzaza kale,
ukuchedweranji pamadzi, kapena ukudikira ine?

Ana inu, nyimbo imeneyo inali yanga. Anaipeka akundifunsira, ndipo ankaiimba kuseri kwa nyumba ya amayi anga mpaka agalu anazolowera. Mudzi wonse unkaidziwa. Malichero onse anaima. Palibe amene anandiyang'ana, ndipo kusandiyang'anako ndiko kunandiuza kuti onse amva chimene ndamva ine. Mumtima ndinadziuza kuti anaimba asanadwale, ndi mawu akale, palibe chodabwitsa. Ndiye anafika pa mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo:

Mwakulunga nthochi m'bulangete langa,
mwameta mitu, ine ndikupuma.
Amene mwamulira sabwera masana,
adzandipatsa moni ndani pabwalo?

Pamenepo mphamvu ya bokosi inayamba kutha. Jailosi anali atangoima, manja ali lende, waiwala kupukusa. Mawu aja analemera, anakokeka, anatsika mpaka pansi, n'kuzima pakati pa liwu. Kunja kunali zii. Ndinamva nkhuyu ikugwa pa tsamba louma. Mayi wina anatola mwana wake n'kumapita osatsazika, ena n'kutsatira, malichero kuwasiya pomwepo. Kupeta kwa tsiku limenelo kunathera pamenepo, nyimboyo osaitcha mbewu kapena mankhusu.

Masiku otsatira mudzi unagawikana. Ena ankati munthuyu ali moyo, wina wopita ku Walale anakamuuza za maliro ake, ndipo akuopa kubwera chifukwa akudziwa kuti anthu adzamuthawa. Ena ankati ayi, ndani angadziwe chimene chinakulungidwa m'bulangete koposa mwini manda? Amenewa ankati anamapopa anamutenga pa lole ija, namutsekera m'mbale, ndipo akudandaula ali momwemo. Jailosi analumbira kuti ku Walale sanawaonepo aLingisoni, ndipo mbaleyo anaikulunga n'kukaiika m'nkhokwe, m'nyumba mwake anakana kugona nayo. Ngati zimenezo zinali zosakwana, amuna amene anapita kukakumba manda a mwana wina anabwerako akunong'onezana kuti pa mtumbira wa aLingisoni paphuka nthochi, masamba awiri obiriwira, chilimwe chili pakati. Mphunzitsi anati nthochi imaphuka paliponse pamene yakwiriridwa. Mwina ankanena zoona, koma iyenso sanapite kukaiona.

Ine ndiye ndinagwira njakata. Ngati ali moyo, ndiye kuti ndikadali mkazi wake. Abale ake sangandisudzule, ansembe sangadalitse, ndipo ndidzakalamba ndikuyang'ana kunjira munthu amene wanena yekha kuti sabwera. Tinali nawo amayi otero m'mudzi, akazi a matchona amene anapita osabwerera, osakwatiwa, osafedwa, ongokhala. Ngati ndi mzimu, ndiye kuti ndine mkazi amene wakufa akumuitana kudambo, ndipo palibe mwamuna angalowe m'nyumba yotero. Kuchitsime amayi anayamba kusuntha mitsuko yawo ndikafika. Agogo anu anasiya kudutsa njira ya kuseri kwathu. Sindinawaimbe mlandu, mapanga awiri avumbwitsa. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ineyo sindinkadziwa chimene ndikufuna. M'mawa ndinkapemphera kuti akhale moyo. Madzulo ndinkakwiya kuti ngati ali moyo, mphamvu zoimbira azungu anazipeza, koma zotumira ine mawu anazisowa.

Chimera cha mowa wa mpalo chinali chitayanikidwa kale, ndipo atsibweni anga anati nkhaniyi siingadikire. Anati khutu la mkazi likhoza kunama chifukwa cha chisoni, makutu a mudzi akhoza kunama chifukwa cha mantha, koma mawu a mwana amawadziwa ndi amene anamuyamwitsa. Anatuma munthu ku Pembamoyo kukaitana aNambewe. Anagwirizana kuti chimene adzanene iwo ndicho chidzakhale. Akati ndi mwana wawo, mowa suphikidwa.

ANambewe anafika wapansi, ndodo m'manja, mapazi oyera ndi fumbi. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wosaseka wamba. Ine ndinkawaopa, chifukwa kuyambira pachiyambi ankaona ngati mwana wawo anakwatira mkazi waulesi, ndipo ankandiuza osapsatira. Ndinawagwadira n'kuwapatsa madzi. Anamwa, nandiyang'ana kumutu kumene tsitsi linali litayamba kumera. Anakana kupuma. Anati chimene mwandiitaniracho chibwere dzuwa likadalipo.

Tinasonkhananso pansi pa mkuyu womwewo, ulendo uno ndi amuna omwe. Agogo anu anaima kutali, pafupi ndi khola, ngati munthu amene akungodutsa. Jailosi anabwera ndi bokosi, ndipo poika munga woyamba anauthyola. ANambewe anakhala pansi, miyendo atatambasula, pafupi kwambiri ndi bokosilo kuposa mmene aliyense ankayerekezera kukhala. Anauza Jailosi kuti apukuse mokwanira, safuna kuti munthu azimire panjira.

Ine sindinamvere nyimboyo ulendo umenewo. Ndinkayang'ana nkhope yawo. Bangwe atayamba, sanaphethire. Kamluzu kaja katamveka, chala chawo chimodzi chinakanda pansi, basi. Mawu a nthochi ndi bulangete anadutsa, iwo ali phee, maso ali pa mbale imene inkazungulira. Nyimboyo inafika kumapeto kwake kumene tsiku loyamba lija sitinakumve. Bangwe analira kawiri, woimbayo anatsokomola chapansipansi, kenako mkokomo wa singano wokha. Jailosi ananyamula singano. Atsibweni anga anakonza kukhosi n'kufunsa mwaulemu kuti amayi, mwamva, tiuzeni.

ANambewe anati, “Mwana wanga ndinamukulunga ndekha ndi manja awa. Uyu ndi mwana wa mayi wina.”

Atsibweni anafunsa za nyimbo ya namwali wa kudambo, imene mudzi wonse unkadziwa mwini wake. Iwo anayankha kuti nyimbo ilibe khola, mwana wawo ankaimba pamaso pa anthu kumafamuko, aliyense akanatha kuitola. Mkulu wina anafunsa za nthochi ndi bulangete. Apa anatembenuka n'kumuyang'ana mpaka mkuluyo anazolika.

“Kodi dziko lonse lino ndife tokha tinaika nthochi? Pitani midzi yonse mpaka kwa Apwitikizi mukawerenge amayi amene anakulunga mabulangete. Mtsikanayu mwamuzunza mokwanira. Phikani mowa.”

Anthu anapuma ngati atula mtolo. Ena anayamba kunena kuti inde, iwonso anaona kuti mawuwo ndi okulirapo, a aLingisoni anali opyapyala. Amene dzulo lake ankasuntha mitsuko ndiwo anayamba kundimwetulira. ANangozo, pofuna kuti nkhaniyo itsekeke mwa mwambo wake, anati nyimboyi tinaisiya yosapeta, tsono popeza alendo athu aimva, atiuze ndi iwo. ANambewe anadzuka ndi ndodo yawo, nakutumula nsalu.

“Mankhusu,” anatero. “Yozizira, yosavinika. Musadzaiikenso.”

Choncho chaka chimenecho nyimbo yopambana inali ya chipewa cha mbuzi, ndipo yoipitsitsa, yoposa ngakhale ya alangizi, inali imeneyi. Sinaimbidwenso m'mudzi muno, ngakhale mbali yake yakale ija ya kudambo. Mbaleyo sindikudziwa kumene Jailosi anaipititsa. Mowa unaphikidwa, abale a ku Pembamoyo anabwera, anandisudzula pamaso pa anthu, ndinadzola mafuta. Mvula isanagwe agogo anu anayambanso kudutsa kuseri kwathu, ndipo chaka chotsatira ansembe anatidalitsa. Amayi ako iwe Tiyanjane ndiwo anali oyamba kubadwa. Mukandifunsa ine, pa nyimbo zonse zimene ndamva ndi makutu anga, kuphatikizapo zanu za gu gu guzi, palibe imene inaposa imene ija. Koma ine sanandifunse.

Ndatsala ndi kanthu kamodzi, kenako mukatenge madzi. Tsiku lija la chigamulo aNambewe anakana kugona kwathu. Anati akagona kwa mbale wawo kutsidya kwa mtsinje, ndipo ine ndinawanyamulira kathumba kawo kuwaperekeza. Tinayenda iwo patsogolo, ine pambuyo. Udzu unali utapsa, njira yonse phulusa lokhalokha. Ndinkafuna kuthokoza koma sindinkadziwa kuti ndithokoze chiyani, chifukwa ngati ananena zoona panalibe chothokoza. Titafika pa mtsinje, pamalo pomwe ndinasiyanirana ndi mwana wawo, anaima n'kulandira kathumbako. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana kumwera.

“Mwamva mmene akutsokomolera?” anatero. “Chifuwa chija sichinathe. Ndipo bulangete alibe.”

Ndinati ndamva, amayi.

“Bwererani apa, mwana wanga. Mukakwatiwe.”

Anapinda nsalu yawo, nalowa m'madzi okha.